Tchati chikavala makaka a bwana

Ku Malawi kuno mtundu wa nsalu umayankhula mwiniwake asanatsegule pakamwa. Mayi akatsika minibasi pa Namitete atavala chitenje cha buluu chokhala ndi zithunzi za chimanga, palibe amene amafunsa kuti ndi wa chipani chanji. Chikasu ndi cha UDF, olenji ndi ya PP, ndipo kufiira, kubiriwira ndi kuda zikakumana ndi tambala aliyense amadziwa kuti ndi MCP. Kakhumbi ka ejenti pa Nsaru kakapentedwa kofiira mumadziwa kuti apa ndi pa Airtel Money, kakakhala kobiriwira ndi pa Mpamba wa TNM. Agogo anga sanapite patali ndi sukulu, koma zimenezi amaziwerenga ali patali, ndipo salakwitsa. Tili ndi mawu akeake a nkhaniyi, timati makaka. Anzanga ena a m'tauni amakonda kunena kuti "kala", koma akafuna kuchulukitsa amapezeka akugulitsa makala.

Pali makaka ena amene sitiwaganizira kawirikawiri, makaka a matchati a ziwerengero. Aliyense wa ife amene adzalembedwe ntchito ku banki, ku kampani ya mafoni kapena ku bungwe lomwe si la boma adzapatsidwa kabuku ka malamulo a maonekedwe a bungwelo. M'kabukuko amalembamo malo oika logo, mtundu wa zilembo, ndi mitundu itatu kapena isanu imene chilichonse chotuluka mu ofesimo chiyenera kuvala. Malipoti, makalata, zipewa, galimoto, mpaka mizati ya pa tchati. Ine ndimaona kuti tchati chikhoza kuvala makaka a bwana wake m'mphepete monse, koma mizati imene imanyamula manambala ndi ya munthu amene akuwerenga, ndipo munthu ameneyo amafika pa tchatipo ali kale ndi matanthauzo ake a mitundu.

Ine si wa sayansi ya makompyuta. Ndimaphunzira zilankhulo ndi mbiri yakale, ndipo R ndinayamba kuigwira chifukwa cha kosi ya kafukufuku imene inatikakamiza kuwerengera mayankho a anthu. R ndi chilankhulo cha pakompyuta chogwirira ntchito ya ziwerengero, chimene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anachiyamba ku yunivesite ya Auckland ku New Zealand m'zaka za m'ma 1990. Pojambula matchati ambiri amagwiritsa ntchito ggplot2, phukusi limene Hadley Wickham anatulutsa mu 2007. Kompyuta sidziwa mawu akuti kufiira. Imadziwa kanambala ka zilembo zisanu ndi chimodzi, monga #FF0000. Ziwiri zoyamba zimanena kuchuluka kwa kuwala kofiira, ziwiri zapakati kobiriwira, ziwiri zomaliza kwa buluu, chilichonse kuyambira pa 0 kufika pa 255. Makaka onse a kampani, ngakhale atawalipirira ndalama zochuluka bwanji kwa akatswiri ojambula, pomaliza amakhala timanambala totere tingapo.

Ntchito yoveka tchati ili pawiri, ndipo kusiyana kwa mbali ziwirizi ndi kumene kuli nkhani yonse. Mbali yoyamba ndi theme(), imene imasamala zonse zimene si manambala: zilembo, mizere ya kumbuyo, mtundu wa pepala, malo a mutu. Mbali yachiwiri ndi scale_fill_manual() ndi mnzake scale_colour_manual(), zimene zimagawa mitundu kwa mizati ndi mizere yeniyeniyo. Munthu mmodzi akazilemba n'kuzisunga m'fayilo, aliyense mu ofesi amangoitana mzere umodzi ndipo tchati chimatuluka chitavala yunifolomu. Atolankhani a ziwerengero a BBC anachita zimenezi, ndipo mu 2019 anatulutsira aliyense phukusi lawo lotchedwa bbplot. Nyuzipepala ya Financial Times yakhala ikusindikizidwa pa pepala la pinki kuyambira 1893, ndipo matchati ake a pa intaneti amakhala pa pinki yemweyo, moti mumawazindikira musanaone dzina. Ndi luso labwino ndithu. Amene amalidziwa amapeza ntchito msanga kuposa ife ongodziwa kusanthula ndakatulo.

Pa holide ya 2025 ndinagwira ganyu wa miyezi iwiri ku bungwe lina laling'ono limene limayendera magulu a banki m'khonde komanso alimi a mtedza ndi soya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe. Dera limeneli si laling'ono ayi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.6 miliyoni ku Lilongwe wa kumidzi, osawerengera a mumzinda. Ntchito yanga inali kulowetsa manambala atsopano ndi kuyendetsa khodi imene ndinaipeza kale. Fayilo ya makaka inachokera kwa amene amapereka ndalama kunja. Mtundu woyamba unali buluu, wachiwiri wofiira, wachitatu wobiriwira, kenaka wachikasu ndi wotuwa.

Tchati china chinkaonetsa mmene magulu a madera asanu akubwezera ngongole. Tsono ggplot2 ili ndi chizolowezi chake. Mukapanda kuiuza kanthu, imandandalika mayina motsatira alifabeti, n'kupereka mtundu woyamba kwa dzina loyamba, wachiwiri kwa lachiwiri, choncho mpaka kumapeto. Ndiye Kabudula anatenga buluu, Mpingu anafiira, Nambuma anabiriwira, Namitete anatenga chikasu, Nsaru n'kutsala ndi kutuwa. Panalibe munthu amene anakhala pansi n'kuganiza kuti Mpingu akhale wofiira. Anafiira chifukwa chilembo M chimabwera K atadutsa, basi.

Pa kompyuta chinkaoneka bwino kwambiri. Koma mlangizi amene amayenda pa njinga yamoto m'midzimo, bambo wachikulire amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, atachiona anapukusa mutu. Anati: "Mphwanga, amayi a ku Mpingu akaona mzati wawo uli wofiira adzandifunsa kuti alakwa chiyani. A ku Kabudula nawo adzandifunsa kuti wawalembetsa ku chipani ndani." Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Magulu a ku Mpingu sanali kumbuyo kwa anzawo pobweza ngongole. Paja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Amayiwo akanakhala kuti sakulakwitsa powerenga choncho. Mayi aliyense amene wapitapo ndi mwana ku sikelo amadziwa kathepi kamene mlangizi wa zaumoyo amakulunga pa mkono wa mwana. Kathepiko kali ndi zigawo zitatu. Mkono ukaposa masentimita 12.5 umagwera pobiriwira, mwana ali bwino. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndi pachikasu, mwana wayamba kunyentchera. Ukachepera 11.5 ndi pofiira, ndipo apo ndiye nkhani ya chiponde ndi chipatala. Kathepi kameneka ndi tchati chimene amayi a ku Kabudula ndi ku Nambuma anachiphunzira ndi mtima ukugunda, mwana ali pamiyendo. Mapu a njala amene komiti ya MVAC imatulutsa amatsatanso njira yofananayo ya IPC, imene ili ndi magawo asanu: kubiriwira kotumbuluka, chikasu, olenji, kufiira, ndi kufiira kodera. Boma likafiira pa mapu amenewo, anthu amadziwa kuti chaka chavuta. Ndiye munthu wina, atakhala mu ofesi ku Ulaya, asankhe kufiira chifukwa kumagwirizana bwino ndi buluu wa pa logo, ife n'kukakupaka pa dzina la dera la anthu amene abweza ngongole zawo mokhulupirika. Kwa iye ndi mtundu wachiwiri pa mndandanda. Kwa msungichuma wa gulu la ku Mpingu ndi mlandu umene akayankhe pamaso pa anzake ndi a mfumu.

Za buluu ndiye zinafika pa nthawi yovuta. Inali nyengo ya kampeni, chisankho cha pa 16 Sepitembala chili pafupi. Midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe imadziwika kuti ndi kuchimake kwa MCP, ndipo a Lazarus Chakwera anali phungu wa Lilongwe North West asanakhale pulezidenti mu 2020. Bungwe limene likufuna kugwira ntchito ndi aliyense limayenda mosamala m'nyengo yotere. Alangizi ankasiya kunyumba malaya a mitundu ina kuti asamveke molakwika, ndipo tonse tamvapo nkhani za anthu ovulidwa makaka pa msika m'zisankho zapitazi. Nanga pepala limene mlangizi akukaimika kutsogolo kwa msonkhano lingapatulidwe bwanji pa nkhani imeneyi?

Matanthauzo a mitundu sayenda ndi pasipoti. Ku America kufiira ndi kwa chipani cha Republican ndipo buluu ndi wa Democratic, chizolowezi chimene chinakhazikika pa mapu a pa wailesi za kanema pa chisankho cha 2000. Ku Britain kufiira ndi kwa Labour, buluu ndi wa Conservative, kutanthauza kuti mbali zasinthana. Amene amalemba timabuku ta makaka amakonda kunena kuti buluu amaonetsa kudalirika ndi bata, ngati kuti anthu onse pa dziko lapansi anabadwa akudziwa zimenezo. Pa Nsaru buluu ali ndi dzina la chipani. Ife Amalawi tinaonanso ndi maso mmene zimakhalira mkulu akasintha maonekedwe a chinthu cha anthu onse asanawamvetsere mokwanira. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, ponena kuti dziko latukuka. Mu 2012, a Joyce Banda atalowa, Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa mbendera yakale. Zaka ziwiri zokha.

Pali vuto lina losakhudza ndale, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa onsewa chifukwa limachitika tsiku lililonse. Matchati athu amabadwira pa sikirini yowala, koma amakafera pa fotokope. Pepala lopita ku msonkhano wa kumudzi limapulintidwa lakuda ndi loyera, chifukwa inki ya mitundu ndi yodula ndipo mashopu ambiri a pa malo ochitira malonda amakhala ndi makina a inki yakuda yokha. Njira yofala yosandutsira mtundu kukhala wotuwa imatenga pafupifupi magawo 30 pa 100 a kufiira, 59 a kubiriwira ndi 11 a buluu. Yesani nokha. Kufiira kwa #FF0000 kumatuluka 76 pa 255. Kubiriwira kwa #008000 kumatuluka 75. Mitundu iwiri imene pa sikirini imasiyana ngati usana ndi usiku, pa pepala imasanduka phulusa limodzi. Tsono ngati njira yokhayo yodziwira mzati wa Mpingu ndi wa Nambuma ndi kabokosi ka m'mbali kofotokoza mitundu, mlangizi amafika kumudzi ndi pepala losayankhula. Makaka amene bwana anawaumirira nawonso atheratu, kwatsala logo yotuwa pakona.

Ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete kunachitika chinthu chimene ndimachikumbukira ndikamaganiza zimenezi. Mu 2008 Josh Nesbit, amene anali wophunzira ku Stanford, anabweretsa mafoni wamba ndi laputopu yokhala ndi pulogalamu ya FrontlineSMS, kuti anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi azitumiza uthenga ku chipatala m'malo moyenda mtunda wautali wapansi kapena pa njinga. Ntchito imeneyo ndi imene inadzabala bungwe la Medic Mobile. Munalibe mitundu mmenemo, anali ma SMS chabe pa timafoni ta mabatani. Anayambira pa chimene munthu wa kumudzi ali nacho m'manja. Mlangizi wathu m'manja mwake amakhala ndi fotokope, pena foni yong'ambika galasi imene akuionetsa pa dzuwa la Okutobala pansi pa mtengo wa mango.

Ndiye pali anthu amene maso awo sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira. Pakati pa amuna ochokera kumpoto kwa Ulaya amakhala pafupifupi mmodzi mwa 12 aliwonse. Mu Africa muno chiwerengero ndi chocheperapo, koma alipo, ndipo ambiri sadziwa n'komwe chifukwa palibe anawayezapo. Akatswiri anayesetsa kale kuthana ndi zimenezi. Cynthia Brewer wa ku Pennsylvania State University anapanga ColorBrewer, malo a pa intaneti osankhira mitundu ya mapu, kumene mungathe kusefa kuti itsale yokhayo imene anthu otere angaisiyanitse ndi yoyenera fotokope. Masataka Okabe ndi Kei Ito a ku Japan anakonza mitundu isanu ndi itatu yosiyanitsika, imene inalowa mu R yeniyeniyo mu 2020. Mu 2015 Stéfan van der Walt ndi Nathaniel Smith anapanga viridis, mndandanda wochokera ku pepulo wodera kukafika ku chikasu chowala, umene kuwala kwake kumakwera mwa ndondomeko moti ngakhale pa pepala lakuda ndi loyera dongosolo limaonekabe. Zonsezi ndi zaulere. Chimene chimaletsa kuzigwiritsa ntchito ndi kabuku kaja.

Sindikunena kuti makaka ndi achabe. M'nyengo ya chisankho ija magulu athu a WhatsApp anadzaza ndi matchati opanda mwini, onena kuti wakuti akutsogola ndi mavoti akuti, opanda dzina la amene anawerenga kapena tsiku. Tchati chotere chili ngati kalata yopanda siginecha. Chikakhala ndi maonekedwe odziwika, dzina la bungwe ndi gwero la manambala, wowerenga amadziwa khomo limene angakagogode ngati manambalawo ndi abodza. Komanso ofesi imene aliyense amajambula mmene wafunira imatulutsa malipoti ooneka ngati kaunjika. Ndipo tisanamizane, amene amapereka ndalama amafuna kuoneka, ndipo bungwe laling'ono silingachite makani ndi dzanja limene likulidyetsa. Mkulu wa mapulogalamu pa ofesi paja anandiuza mosapsatira kuti lipoti likapita kunja lopanda makaka limabwezedwa.

Koma zonse zimene makaka amachita zabwino, theme() imazikwanitsa yokha. Mzere wa buluu pamwamba, logo pakona, zilembo za bungwe, dzina la gwero pansi, zimenezi n'zokwanira kuti munthu adziwe mwini tchati. Palibe chifukwa choti makaka alowe mpaka m'mizati. Cholakwika chimene ndimachiona m'mafayilo ambiri otere ndi chakuti mbali ziwiri zija anazimanga mtolo umodzi, moti sungatenge chimango osatenga utoto. Ngakhale pa zilembo pomwepo pamafunika diso. Mitundu ina ya zilembo za makampani ilibe ŵ, ndipo amene timalembabe Malaŵi ndi kadenga kake timangoona kabokosi kopanda kanthu pakati pa dzina la dziko lathu.

Chimene tinachita ndi mlangizi uja chinali chosavuta. Tinamasula mtolowo. Chimango chinatsala ndi makaka onse. Mizati tinaisanja kuyambira waukulu kufika waung'ono m'malo motsatira alifabeti, chifukwa funso la amayi ndi lakuti tili pati poyerekeza ndi anzathu. Yonse tinaipaka kutuwa kotumbuluka, kupatula mzati wa dera limene mlangizi akupitako tsiku limenelo, umene unkakhala wakuda bii. Dzina la dera ndi nambala yake tinazilemba pa mzati pomwepo ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo kabokosi ka m'mbali tinakachotsa ndi legend.position = "none". Mutu tinaulemba m'Chichewa, wonena chimene manambala akuonetsa, osati mawu a mu ofesi aja amene ngakhale ife timachita kuwamasulira. Khodi imodzi inkatulutsa mapepala asanu, lililonse ndi dera lake lodetsedwa. Kufiira, chikasu ndi kubiriwira tinazisunga kuti zizigwira ntchito pokhapokha pamene tikufunadi kunena kuti apa pali ngozi, apa chenjerani, apa zili bwino, monga mmene kathepi ka ku sikelo kamanenera. Tisanatumize chilichonse tinkayamba tapulinta kope imodzi yakuda ndi yoyera, n'kuiimika pa khoma, n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi.

Kwa anzanga a maphunziro a za anthu, amene timauzidwa kawirikawiri kuti digiri yathu ilibe msika, ndaona kuti pa ntchito ngati iyi pali malo athu. Kulemba scale_fill_manual() munthu amaphunzira madzulo amodzi pa YouTube, bola bandulo ikhalepo. Kudziwa chimene kufiira kumatanthauza kwa mayi wa ku Mpingu, kapena chifukwa chimene mlangizi wasiyira malaya a buluu kunyumba, kumafuna munthu amene anaphunzira kufunsa kuti chizindikiro ichi akuchiwerenga ndani, ali kuti, m'chaka chanji. Mlangizi uja sanalowepo m'kalasi ya za zizindikiro, koma anaona m'masekondi ochepa chimene fayilo ija inalephera kuona kwa nthawi yonse imene inakhala ikugwira ntchito.

Nkhaniyi sinathere pa chigonjetso. Lipoti lopita kunja linapitabe ndi makaka onse asanu, Mpingu ali chifiirire, chifukwa kumeneko palibe amene amadziwa Mpingu ndipo palibe amene angakhumudwe. Tinangowonjezera kachosankha kamodzi mu khodi, kotchedwa kumudzi, kamene kakakhala TRUE kamatulutsa matchati otuwa aja, kakakhala FALSE kamatulutsa a makaka. Chimene tinakambirana nthawi yaitali ndi mkulu wa mapulogalamu chinali chakuti munthu akapanda kulemba chilichonse, khodi izitulutsa ati. Ine ndinkafuna izitulutsa a kumudzi, popeza ndiwo amapulintidwa mwezi ndi mwezi pamene lipoti la kunja limapita mwa apo ndi apo. Iwo anati kuiwala makaka pa lipoti la kunja kukhoza kuwonongetsa ndalama, pamene kuiwala kutuwa kumangobweretsa mafunso pa msonkhano. Anapambana ndi iwo, ndipo FALSE ndi amene anatsala pa mpando.

Tsiku lomaliza la ganyu ndinalemba mzere umodzi pamwamba penipeni pa fayilo, kumbuyo kwa kachizindikiro ka # kamene kamauza kompyuta kuti izi si zako, n'za munthu amene adzabwere pambuyo panga: "Ngati tchatichi chikupita ku fotokope kapena ku msonkhano wa kumudzi, lembani kumudzi = TRUE, ndipo muyambe mwawaonetsa alangizi musanapulinte zambiri."